Ndidzaphunzira Ana Akakula

Mukalowa m'tchalitchi chilichonse ku Ndirande kuno Lamulungu m'mawa, kaya n'cha CCAP, kaya n'cha Katolika kapena Anglican, kaya ndi kampingo ka pente kochita lendi kalasi pasukulu ya pulayimale, mudzayang'ane amene wakhala kuseri kwa kiyibodi. Mudzapeza mnyamata. Kawirikawiri amakhala wosakwatira, ndipo anaphunzira pongoima kumbuyo kwa mnzake n'kumayang'ana zala, mpaka tsiku limene mnzakeyo anakwera basi ya ku Joni mpando n'kutsala wopanda munthu. Ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Machinjiri, nkhani yake ndi yomweyo. Amayife timaimba, timavina, timakolopa m'tchalitchimo Loweruka, ndipo kiyibodi yakale ikapsa, a Mvano ndife timasonkha mwachangu kuti pagulidwe ina. Ikagulidwa timaisokera nsalu yovundikira. Ubale wathu ndi chipangizocho umathera pomwepo.

Ine ndinavundukula nsaluyo ndili ndi zaka 36, ndili ndi ana atatu, womaliza asanaleke kuyamwa. Ndimaphunzitsa Bible Knowledge pasukulu ina ya sekondale yoyendera, ndipo m'chaka cha 2023, nditabwera kokachonga mayeso, ndinatenga kandalama kamene ndinalandira kumeneko n'kupita ku Limbe kukagula kiyibodi ya Casio yogwirapo kale ntchito. Ndalamayo ikanagula matumba angapo a chimanga, ndipo bambo a kunyumba sanachite ulesi kundiwerengera kuti ndi angati. Pasanapite nthawi, mu November chaka chomwecho, kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, zinthu zochokera kunja n'kulumpha mitengo, ndipo iwo omwewo anayamba kuuza anzawo moseka kuti m'nyumba mwathu katundu yekhayo amene wakwera mtengo popanda kumudyetsa ndi limba la madamu.

Ndimanena kuti ndikuphunzira piyano, ngakhale piyano yeniyeni ndilibe. Yeniyeniyo imakhala ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36, ndipo m'kati mwake muli nsambo zachitsulo ndi timahamala timene timazimenya. Amene anaipanga koyamba ndi Bartolomeo Cristofori, ku Florence cha m'ma 1700, ndipo chimene anthu anadabwa nacho n'chakuti imamva kulemera kwa dzanja: ukaikhudza mofatsa imanong'ona, ukaimenya imafuula. Yanga ili ndi makiyi 61 apulasitiki, ndipo kaya uikanikize mwaukali kaya mwaulemu, imayankha chimodzimodzi. Piyano zenizeni mumzinda muno n'zowerengeka, ndipo zili m'malo amene mayi wa ku Makata sangangolowamo n'kukhala pansi kuti ayeseko.

Mphunzitsi wanga ndi mnyamata woimba kiyibodi kutchalitchi kwathu, yemwe ndinamuphunzitsapo ali Fomu 3. M'kalasi mwanga ankakhala kumbuyo, ndipo ulendo wachiwiri wa Paulo ankausakaniza ndi wachitatu. Tsopano amabwera Loweruka madzulo, amaodira pakhomo mwaulemu, amakhala pampando wa m'mbali n'kumati, "Madamu, chala chachikulucho chidutse pansi, musachidumphitse." Ine ndimayankha kuti, "Ndamva aphunzitsi," ndipo amene amachita manyazi ndi iyeyo. Nkhani ya chalacho ili motere: kuchoka pa do kukafika pa do wam'mwamba pali manotsi asanu ndi atatu, zala zilipo zisanu zokha, ndiye ukafika pa mi chala chachikulu chimayenera kuzembera kunsi kwa zinzake kuti chikagwere pa fa. Mwana amachita zimenezi osaganiza. Dzanja limene lakhala likufinya zovala, kutola makala amoto ndi kugwira choko kwa zaka zonsezi limafuna kulinyengerera.

Dzanja lamanja palokha limamvera, lamanzere palokha limayesetsa. Nkhondo imabuka ukati aimbe pamodzi, lina likuyenda ndi nyimbo lina likugwira makodi pa nthawi yake. Zili ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi: wina akatsitsa munsi mnzake asanakweze, minsi imawombana ndipo mphale imamwazika. Kwa miyezi yambiri m'nyumba mwathu munkangomveka kuwombana kokhakokha.

Tinakanganapo ndi aphunzitsi angawa pa za kuwerenga. Ife a m'makwaya tinakula ndi solofa, njira imene mbusa wa ku England, John Curwen, anaifalitsa kuyambira m'ma 1840 potengera ntchito ya mayi wina wa ku Norwich, Sarah Glover, ndipo amishoni anaibweretsa kuno pamodzi ndi belu ndi sileti. Solofa ndi yokoma kwa woimba ndi pakamwa, chifukwa do amasamukira paliponse pamene woyambitsa nyimbo wamuika. Pa makiyi zinthu sizisamuka chotero. Anyamata ambiri a m'matchalitchi mwathu anapeza njira yachidule: amadziwa kiyi imodzi bwino kwambiri, ambiri F sharp, ndipo mayi wotsogolera kolasi akayambira kumwamba kapena pansi, iwo amangodina batani la transpose makina n'kuwasamutsira. Sindikuwanyoza. Khutu lawo limagwira nyimbo isanathe mzere woyamba, zimene ine sindidzafikapo. Koma ndinaumirira kuti ndikufuna kuwerenga manotsi a pa mizere isanu ija, ya dzanja lamanja pamwamba ndi ya lamanzere pansi, ndipo zinapezeka kuti iyenso sankaiwerenga bwino. Pa gawo limenelo timaphunzirira limodzi, foni ili pakati, bandulo ikutha.

Nthawi yanga ndi usiku, ana akagona, mbale zitatsukidwa, mayunifolomu atasitidwa ndipo makope a ana asukulu atachongedwa. Ndimavala mahedifoni chifukwa khoma lathu ndi la aneba ndi limodzi, ndipo bambo a nyumba inayo amadzuka m'bandakucha kupita kukampani ku Makata. Magetsi akazima ndimaika mabatire, akatha ndimayeseza zala pa makiyi osalira. Masiku ena wamng'ono amadzuka, n'kubwera kudzakhala pamiyendo, n'kudina batani la biti, nyumba yonse n'kusanduka phwando la ukwati. Masiku ena ndimangosinza dzanja lili pa do.

Funso limene landilembetsa nkhaniyi anandifunsa ndi apongozi anga aakazi, atabwera kuchokera ku Chiradzulu kudzaonana ndi adokotala. Anandiyang'ana masiku angapo osanena kanthu, kenaka tsiku lina tikusadzula masamba pakhonde anati, "Apongozi, ndiye mukadzazidziwa zimenezi mudzatani nazo?" Sanafunse mwachipongwe. Ndi mayi amene analera ana asanu ndi awiri ndi khasu, ndipo pa moyo wawo wonse chilichonse chimene anaphunzira chinali ndi pothera pake: kuumba mbiya, kusunga mbewu, kusambitsa wakhanda. Ndisanayankhe anawonjezera mawu amene ndawamvanso kwa anzanga a kuntchito, kwa amayi a Mvano ndi kwa mchemwali wanga wa ku Zingwangwa: "Bwanji osamusiyira mwanayu? Kuwongola mtengo m'poyamba."

Funso limeneli si lachibwana, ndipo amene amaliyankha mofulumira ndimawakayikira. Nthawi imene ndimakhala pa kiyibodi sichokera kumwamba. Ndimailanda kwa winawake. Ndikanagona msanga ndikanadzuka ndi mtima wofatsa kwa ana m'mawa. Ndikanaphunzitsa ana a eni mapatitaimu, ndalama ya lendi bwenzi ikupepuka. Ndikanakhala ndi bambo a kunyumba n'kumacheza, pakuti usiku ndi nthawi yokhayo imene timaonana popanda wina kulira. Amene amati mayi akasangalala banja lonse limapindula akunena zoona theka. Masiku ena banja limangoluza basi, ine ndekha n'kupindula. Tsono funso lenileni ndi ili: kodi pamaso pa Mulungu, munthu amene ali ndi ana aang'ono omudalira ali ndi chilolezo chowonongera nthawi pa chinthu chimene sichidzabweretsa ndalama, sichidzamutchukitsa, ndipo sadzachidziwa n'komwe mokwanira?

Akhristu anzanga ofuna kundithandiza amathamangira ku fanizo la matalente la pa Mateyu 25. Amati Mulungu anakupatsani luso, musalikwirire. Ndimawathokoza, koma fanizolo silindikwana. Choyamba, palibe umboni woti ndinapatsidwa luso la zoimba. Khutu langa ndi la wamba, zala zanga n'zolimba. Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chachikulu, m'fanizo lija mbuye akabwera amafunsa phindu. Wa matalente asanu anabweretsa ena asanu, wa awiri ena awiri. Ndikabisala kuseri kwa fanizo limeneli ndiye kuti ndavomera kuti apongozi anafunsa bwino, ndangosintha wolandira phindu, kuchotsa banja n'kuikapo Mulungu. Ndipo tsiku lowerengera likadzafika ndidzapezeka ndi nyimbo zingapo zoimba mopunthwapunthwa.

Ena amati ndidzatumikire nazo kutchalitchi, makamaka poti mnyamata wathuyu nayenso akulota za pasipoti. Akulu ampingo awiri andiuzapo kale zimenezi, mmodzi mwanthabwala mmodzi motsimikiza. Apa maganizo anga ndi ouma. Salimo 33 silimangolamula kuimba ndi zipangizo, limanenanso kuti kuimbako kukhale kwaluso, ndipo mneneri Malaki anadzudzula anthu opereka nsembe nyama zotsimphina ndi zakhungu zimene sakanayerekeza kupatsa bwanamkubwa wawo. Mpingo wa anthu mazanamazana suyenera kuima pakati pa ndime kudikira dzanja langa lamanzere kuti lipeze kodi. Tili ndi chizolowezi choipa chonena kuti za Mulungu bola mtima, ndipo chifukwa cha chizolowezi chimenechi tapirira masipika olira ngati akung'ambika ndi oimba osakonzekera kwa zaka zambiri. Sindikufuna kuwonjezera pa chiwerengero chawo.

Komanso Mulungu sasowa kiyibodi. Mpingo wathu womwewu unachokera kwa anthu amene ankakayikira zipangizo zoimbira. Ku Geneva m'nthawi ya John Calvin ankaimba masalimo ndi pakamwa pokha. A Church of Scotland anayamba kulola limba m'tchalitchi m'zaka za m'ma 1860, patakhala mkangano waukulu, ndiye kuti amishoni amene anakhazikitsa Blantyre Mission mu 1876 anakulira m'matchalitchi opanda limba. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene David Clement Scott ndi amisiri a konkuno anamanga kuyambira 1888 mpaka 1891, chija timachiona tikamapita m'tauni kudzera ku HHI, chinamangidwa ndi m'badwo umene limba linali chinthu chachilendo ngakhale kwawo komwe. A Free Church of Scotland anadikira mpaka 2010 kuti alole zipangizo pa mapemphero. Ndipo sitifunikira kupita ku Scotland kuti timvetse zimenezi. Pitani pa maliro alionse ku Ndirande usiku, mukamve amayi m'nyumba ya siwa ndi abambo panja pamoto akuimba za m'buku la Nyimbo za Mulungu mpaka kucha, mawu anayi onse ali m'malo mwake, popanda waya ngakhale mmodzi wolumikizidwa kukhoma. Palibe amene amati pakusowa kanthu.

Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa kuno, anavutika ndi nkhaniyi mozama kuposa tonsefe. M'buku lake la Confessions akufotokoza kuti ankakumbukira misozi imene anakhetsa pomva nyimbo za mumpingo atangotembenuka mtima, komabe ankadziona wochimwa nthawi iliyonse imene kukoma kwa maimbidwe kunamugwira mtima kuposa mawu oimbidwawo. Ndimamulemekeza pa kuona mtima kwake, koma ndimasiyana naye. Zambiri zimene ndimaimba usiku zilibe mawu n'komwe. Ndi timaphunziro ta zala ndi tinyimbo tating'ono ta m'mabuku a oyamba kumene. Ngati kukoma kwa kodi yogwera pamalo pake kuli tchimo pokhapokha kutanyamula vesi, ndiye kuti kulira kwa mbalame za m'phiri la Michiru nakonso kukufunika kulapa.

Yankho lachitatu ndi lonyengerera kwambiri, ndipo linatsala pang'ono kundikola. Amati pitirizani, ana akamakuonani adzatengera. Mwina n'zoona. Koma taonani mmene yankholi lachitira: landilola kuphunzira pokhapokha ngati kuphunzirako kuli kwa ana. Landibwezera pomwe paja. Enanso amanditonthoza ndi agogo Giddes Chalamanda, amene nyimbo yawo ndi Patience Namadingo inazungulira dziko lonse pa TikTok iwo ali ndi zaka zoposa 90. Koma a Chalamanda anayamba kuimba ali mnyamata. Chimene chinachedwa kwa iwo ndi kutchuka, luso linalipo kale. Nkhani yawo si yanga.

Nkhani yanga ndi ya mayi anga. Anabwera ku Ndirande ali mtsikana wongokwatiwa kumene, osadziwa kulemba dzina lawo, ndipo anatilera ndi malonda a tomato ndi masamba pamsika. Mu 1994, sukulu za pulayimale zitakhala zaulere ndipo ana olembetsa atachuluka kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ine ndinali mmodzi mwa ana okhala pansi pa mtengo, ndipo chaka chomwecho mayi analembetsa sukulu ya kwacha imene inkachitikira kutchalitchi masana. Ndimakumbukira kope lawo, lokutidwa ndi pepala la shuga, ndi zilembo zikuluzikulu zopendekera kumanzere. Anafika potha kuwerenga mawu aafupi. Kenaka kunabadwa mlongo wanga, malonda anafuna munthu, ndipo anati adzapitiriza ana akakula. Titakula kunabwera ana a malemu mchemwali wawo. Atakula amenewo kunabwera zidzukulu. Lero maso awo achita ng'ala. Amanyamulabe Baibulo ndi buku la nyimbo popita ku Mvano, amadziwa manambala a nyimbo pamtima ndipo amatsegula tsamba loyenera, koma amene amawawerengera Mawu ndine. Ndikawafunsa ngati zimawawawa amaseka n'kunena kuti, "Ine ndinawerengera mwa inu."

Mawu amenewa ndi achikondi, ndipo udipuloma wanga unagulidwa ndi tomato wawo. Sindingawapeputse. Koma ndikawalingalira usiku amandiopsa. Agogo anga anadzimana kuti mayi akhale ndi moyo wabwino. Mayi anadzimana kuti ine ndikhale nawo. Tsopano akundiuza kuti ndidzimane kuti mwana wanga wamkazi akhale nawo, ndipo iye akadzafika zaka 25 n'kubereka, adzamuuza zomwezo. Ndiye moyo wabwinowo adzaukhale ndani? M'badwo uliwonse ukungopatsira mnzake mbale yovundikira, ndipo palibe mayi amene akuloledwa kuvundukula kuti alaweko. Abambo nawonso amadzimana, sindikukana, koma bambo akaweruka n'kukakhala pa bawo kwa Chinseu kapena kukaonera Bullets ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium, palibe amene amamufunsa kuti adzatani nazo.

Timakonda kunena za umunthu, kuti kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu. Ndimakhulupirira zimenezi ndi mtima wonse. Popanda aneba ndi abale ana angawa sindikanawalera. Koma mwambiwo ukunena za anthu awiri, osati munthu mmodzi ndi makwerero ake. Chikhulupiriro chimene ndimaphunzitsa m'kalasi chimati aliyense analengedwa m'chifanizo cha Mulungu, aliyense amaitanidwa ndi dzina lake, ndipo aliyense adzaimirira yekha pa chiweruzo. Mayi anga sanalengedwe kuti akhale njira yopitira kwa ine. Analengedwa kuti akhale iwo, mayi wanzeru zakuthwa amene amawerengera chenji m'mutu mofulumira kuposa kakyuleta, amene akanasangalala kuwerenga yekha nkhani ya Rute. Chisangalalo chimenecho sichinasamukire mwa ine. Chinangotayika.

Chimene chinandichotsa mantha ndi Namondwe Freddy. Mu March 2023 phiri la Soche linagumuka usiku n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, mitsinje ya mumzinda muno inasefukira, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Makalasi ambiri anasanduka misasa. Pakati pa omwalirawo panali amayi a msinkhu wanga, ndipo sindikayika kuti ambiri a iwo anali ndi kanthu kena kamene ankati adzachita ana akakula. Kalata ya Yakobo imadzudzula amalonda okonza za chaka chamawa ngati kuti mawa ndi lawo. Kale ndinkaganiza kuti ndimeyi ikunena za anthu odzikuza. Chaka chimenecho ndinaona kuti mawu oti "ndidzaphunzira ana akakula", ngakhale amamveka odzichepetsa, ali ndi kudzikuza komweko: akuwerengera zaka makumi awiri zimene palibe anatilonjeza.

Ndikafufuza m'Malemba sindipeza lamulo loti aliyense aphunzire choimbira, ndipo sindikufuna kulipeka. Chimene ndimapeza ndi malo osiyidwa dala a zinthu zopanda phindu. Pa Genesis 4 akutchula ana aamuna atatu a Lameki: Yabala kholo la oweta ziweto, Tubala-Kaini wosula zitsulo, ndipo pakati pawo Yubala kholo la oimba zeze ndi chitoliro. Wolembayo sakupepesa chifukwa cha Yubala, sakufotokozanso kuti zeze ankathandiza bwanji ng'ombe. Wangomuika pamzere umodzi ndi odyetsa anthu, ngati kuti mudzi wopanda iye ndi wosakwanira.

Koma ndime imene ndimaikonda kwambiri ndi lamulo la Sabata monga lalembedwera pa Deuteronomo 5. Pa Eksodo 20 chifukwa chopumulira n'chakuti Mulungu anapuma atalenga. Pa Deuteronomo chifukwa chake n'china: mupume kuti wantchito wanu wamwamuna ndi wamkazi apumenso monga inu, pokumbukira kuti munali akapolo ku Igupto. Kapolo ndi munthu amene mphindi yake iliyonse iyenera kubala kanthu kwa wina. Mulungu atawatulutsa anawapatsa tsiku limene silibala kanthu, n'kulamula kuti lifike mpaka kwa mdzakazi wa kukhitchini. Tsono yang'anani Lamulungu la mayi wa ku Ndirande. Amadzuka m'mamawa kuposa masiku onse, kutereka madzi, kusambitsa ana, kusita malaya a bambo, kuthamangira mapemphero, kubwerako n'kuphikira alendo, madzulo kuchapa mayunifolomu a Lolemba. Sabata limafika kwa aliyense m'nyumbamo kupatula iye. Ine Sabata langa ndinalidula tizidutswa, theka la ola usiku uliwonse umene ndingathe, ndipo m'kanthawi kameneko sindine wothandiza kwa munthu aliyense. Akatswiri a zaumulungu akhoza kunditsutsa kuti Sabata si limenelo, ndipo pa za tsiku lopatulika ndiwavomera. Pa za cholinga chake sindisuntha.

Pali nkhani inanso imene anthu angayembekeze kuti ndiitchule, ya mayi wa ku Betaniya amene anaswa nsupa ya mafuta onunkhira a mtengo wokwana malipiro a pafupifupi chaka chathunthu, anthu n'kumadandaula kuti akanagulitsidwa kuthandiza osauka. Yesu anamuikira kumbuyo. Ndimaitchula mosamala, chifukwa mayi uja anathira mafutawo pa Ambuye, pamene ine nthawi yanga ndimaithira pa Casio. Chimene ndimatengapo n'chochepa: owerengera aja masamu awo anali olondola, osauka analipodi, komabe Yesu sanalole kuti masamu akhale mawu omaliza.

Tsono pali kusekedwa. Munthu wamkulu kwathu kuno sayenera kuoneka akulephera pamaso pa ana. Ndi chifukwa chake ambiri amene anasiya sukulu ya kwacha anasiya, osati chifukwa cha nthawi yokha. Plato, m'buku lotchedwa Euthydemus, akuonetsa Socrates atakalamba akupita kukaphunzira zeze kwa mphunzitsi wina dzina lake Connus, atakhala pakati pa anyamata amene ankamuseka iye ndi mphunzitsi wake yemwe, mpaka anakopa madala anzake kuti azipita nawo. Munthu amene mzinda wa Athens unkamuopa pa mtsutso analolera kukhala wotsalira m'kalasi ya ana. Kwa ine mphunzitsi, amene ndimakhala tsiku lonse ndili wodziwa yankho, mankhwala amenewa ndi owawa koma ndi abwino. Ndayamba kumvetsa mwana wa kumbuyo amene ndamufotokozera kachitatu koma sakumvabe. Mutu wake wamva, monga mutu wanga umamvera za chala chachikulu chija. Chimene sichinamve ndi china, ndipo kukalipa sikuchifulumizitsa. Koma ndisayambenso kuwerenga phindu, ndingagwe m'dzenje limene ndangolikana. Pa 1 Mbiri 25, pamene Davide anagawa oimba 288 a m'nyumba ya Mulungu m'magulu 24, maere anagwera onse mofanana, wamkulu ndi wamng'ono, mphunzitsi ndi wophunzira. Wophunzira anawerengedwa ali wophunzirabe.

Mwana wanga woyamba, wamkazi, ali ndi zaka 11 tsopano. Sindinamuletse kukhudza kiyibodi, ndipo aphunzitsi anga akamaliza ndi ine amakhala naye kanthawi. Zimene ine ndinalimbana nazo chaka chathunthu iye anazidutsa m'miyezi yochepa. Amamva nyimbo ya Ndirande Anglican Voices pa wailesi ya aneba n'kuipeza pa makiyi nsima isanapse. Apongozi atamumva anandiyang'ana ndi maso onena kuti si paja ndinanena. Ananenadi zoona kuti mtengo waung'ono umawongoka msanga. Chimene sindivomera n'chakuti luso la mwana likuchotsa mayi pampando.

Tinagawana nthawi. Iye akaweruka kusukulu n'kumaliza homuweki, kiyibodi ndi yake mpaka chakudya chamadzulo. Usiku ndi yanga. Mwezi wathawu ana a Sande sukulu anayamba kukonzekera za Khirisimasi, ndipo iye anasankhidwa kuti adzawaimbire nyimbo ziwiri, koyamba pamaso pa mpingo. Anabwera kudzandipempha kuti ndimubwereke nthawi yanga ya usiku mpaka tsikulo lidutse. Ndinamuuza kuti Loweruka atenge ola langa la kwa aphunzitsi, ndipo m'mawa azidzuka msanga ngati akufuna yowonjezera, koma usiku ayi. Analira. Bambo ake akuti ndaumitsa mtima pa chinthu chaching'ono, poti mwanayo ali ndi chokonzekera chenicheni pamene ine ndilibe. Mayi anga, amene ndinkayesa kuti akhala mbali ya mdzukulu wawo, anangofunsa kuti usikuwo ndimaimba mpaka nthawi yanji, ndipo sanaweruze mlanduwo. Mpaka lero m'nyumba mwathu sitinagwirizane, ndipo Khirisimasi yatsala milungu itatu.